Mzere Womeza Fayilo Yonse

Panali mayi wina, mwini wa kasukulu ka mkaka, amene tulo tinkamuvuta chifukwa cha mzere umodzi wa pa kompyuta. Izi zinachitikadi, ndipo anandiuza ndi munthu amene mwana wake amaphunzira pomwepo.

Mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, ankaphunzira kupanga mawebusaiti, ndipo anapangira kasukuluko tsamba loti makolo aziwerengapo zidziwitso pa foni. Tsiku lina anaitana mayiyo kuti adzaone.

"Alamu, mukuuona mzere uwu? Umapita kukatenga fayilo, n'kuiwerenga yonse kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza, n'kuikhuthula pa tsamba lathu ngati mawu amodzi aatali. Zimene zili m'fayilomo ndi zomwe makolo amaona."

"Nanga fayiloyo ili kuti?"

"Ili pa seva, kompyuta yosungira mafayilo ya mkulu wina amene ndinadziwana naye pa gulu la pa intaneti. Watipatsa malo ulere."

"Munakumanapo naye?"

"Kukumana kwa chiyani, alamu? Ndikufuna kumukwatira?"

"Iyeyo angathe kusintha zolembedwamo?"

"Angathe, koma asinthirenji? Munthu wamkulu ngati uja akalimbane ndi nthawi yomwera phala?"

"Mzere wanuwo umayamba waona zimene watenga?"

"Umangomeza. Ubwino wake ndi womwewo, suchedwa."

Mayiyo sanakhutire. Kasukulu kake sikalola ngakhale amalume a mwana kudzamutenga popanda kholo kuimba foni, ndiye munthu wosamudziwa nkhope azilankhula ndi makolo m'dzina lake? Anauza mwamuna wake, koma iye anangoti, "Msiye mwanayo, sukulu ya zimenezi anapita ndi iyeyo." Mayi uja anaisiya nkhaniyo kuopa kuoneka wansanje pa banja la eni.

Zinthu zinayenda bwino kwa kanthawi, mpaka makolo anazolowera kukhulupirira tsambalo.

M'mawa wina mayiyo akukonza timipando, foni inalira. Anali mayi wina wosoka zovala, kholo la kamtsikana ka m'kalasi ya ang'onoang'ono.

"Aphunzitsi, mwasamuka osatiuza pakamwa? Komanso mtsikana wanu watsopanoyo ndi wamwano, sanandipatse n'komwe moni."

"Kusamuka kupita kuti?"

"Si mwalemba pa tsamba kuti kuyambira lero tizisiya ana ku nyumba ya geti yabuluu kuseri kwa msika? Ine wanga ndamusiya kale."

Mayiyo anasiya ana ena m'manja mwa wophika, n'kuthamanga opanda nsapato. Panjira anakumana ndi bambo wina atanyamula mwana paphewa akulowera komweko, anamubweza ndi dzanja osaima. Wosoka uja naye anasiya makina n'kumutsatira.

Geti yabuluu anaipeza yotsegula. Nyumbayo inali yosamaliza, yopanda zitseko, yopanda mpando ngakhale umodzi. Kamtsikana kaja kanali pa njerwa, chikwama chili kumsana, kakunyambita switi. Mtsikana wolandira ana uja atamva mapazi anatulukira kumbuyo, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kuti anali ndani, kapena ankayembekezera ndani.

Mlamu atatsegula tsamba anapeza chidziwitsocho chilipodi, cholembedwa mwaulemu, pansi pake pali dzina la sukulu. Anayesa kumulembera mkulu uja, koma anali atatuluka pa gulu, nambala yake yosapezeka.

"Alamu, ine sindinalembe zimenezi."

"Ndikudziwa. Inu munangomutsegulira chitseko."

Wosoka uja anamutenga mwana wake tsiku lomwelo ndipo sanamubweretsenso. Nkhani inakafika kupolisi.

Kutacha, mayiyo anamukhazika mlamu wake pa kampando ka ana, n'kuimirira kumbuyo kwake mpaka atafufuta mzere uja. Kenako anakaima pa geti, ndipo kholo lililonse lolowa ankaligwira dzanja n'kuliuza kuti, "Za mwana wanu muzimva pakamwa panga. Mukaona zachilendo pa foni, imbani kaye."

Phunziro: Pulogalamu yowerenga fayilo yonse sisankha, imabweretsa chilichonse chimene mwini fayilo waikamo. Ngati fayiloyo ili m'manja mwa munthu amene simumudziwa, ndiye kuti tsamba lanu ndi lake. Inu opanga mawebusaiti, sungani mafayilo anu nokha ndipo muziona zimene mwakoka musanazionetse anthu. Inu makolo, musasiye mwana pamalo atsopano chifukwa cha uthenga wa pa foni. Tumizani kwa makolo anzanu ndi aliyense amene ali ndi mlamu wodziwa kompyuta.