Chigubu cha Makisoni

Dzuwa lili paliwombo, Makisoni anatuluka m'matope a mpunga ku Likangala n'kukhala m'mphepete mwa ngalande. Alendo ake awiri anali akumudikira: Doyun, wophunzira wa ku Korea, ndi Virginia, womumasulira. Doyun anabwera kudzafufuza mmene alimi amamvera zolembedwa pa katundu wogula. Kwawo, iye anatero, munthu sagula ngakhale sopo asanawerenge kapepala kake. Alimi anamumvera chisoni.

Makisoni anasolola chigubu choyera m'thumba n'kuyamba kutsegula, uku akuyankha funso lachisanu ndi chinayi. Pachigubupo panali chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Sikimu yonse ya mpungayo inkadziwa kuti Makisoni amamwera thobwa m'chigubu cha mankhwala opopera mpunga. Mkazi wake, Alefa, anachitsuka ndi phulusa zaka zitatu zapitazo, ndipo palibe anadwalapo ngakhale m'mimba.

Doyun sankadziwa zimenezo, ndipo sanafunse. Chigubu chitangofika pakamwa, anadumpha n'kuchimenya theche. Mlomo wa Makisoni unang'ambika. Chigubu chinagwera m'ngalande, madzi n'kupita nacho.

"Iwe Tchaina!" anakuwa Makisoni akulavula magazi. "Kundimenya ine pamunda panga?"

Chibakera choyamba chinaswa magalasi a Doyun. Chachiwiri chinamugwetsera m'matope. Amuna a m'minda yoyandikana anathamangira komweko, ena makasu ali m'manja. Sanafunse chatsitsa dzaye. Anaona magazi a mnzawo, basi. Wina anamuponda Doyun pachifuwa, wina anamukanikiza nkhope m'madzi mpaka thovu linatuluka. Mpini unatera padzanja lake, chala n'kumveka thyo!

Virginia analowa pakati, nsapato imodzi itatsalira m'thope.

"Bambo, chonde musiyeni! Waona chigaza chija basi. Kwawo chigaza ndi imfa!"

"Kuno chigaza ndi thobwa!" anayankha Edwadi, mwini munda wa kumtunda. "Akamuuze aphunzitsi ake a kusukulu."

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunamupulumutsa. Anamukokera pouma n'kumusiya akutsokomola matope. Doyun ankabwereza mawu amodzi okhaokha m'chinenero chake, akuloza kumene madzi anapita ndi chigubu. Virginia sanavutike n'kumasulira. Ankaganiza za mmene akalembere lipoti lakuti munthu wa madigiri awiri wathyoledwa chala chifukwa cha chakumwa cha chimera.

"Sukulu yambiri imapha nzeru," anatero Makisoni akupukuta mlomo ndi malaya. "Nanga ine ndimwa chiyani tsopano?"

Nthawi yomweyo Alefa anatulukira pakanjira ka pakati pa minda, ali wefuwefu, chigubu choyera cha chigaza chili m'manja.

"Bambo a Sharon, mwanyamula chiti m'mawa muja? Thobwa lanu ili, munalisiya pakhonde. Koma cha mankhwala munagula dzulo chija sindikuchiona."