Mawaya Achitatu a Bambo Namakhwa

"Awanso ndi achinyengo," anatero a Namakhwa, akuponya mawaya patebulo la Yahaya, wogulitsa zamagetsi pa Masambanjati. "Sipika ya kumanzere sikulira."

Kanali kachiwiri kubweza. Yahaya anawapatsa ena okhuthala, a mapulagi agolide.

Atafika kunyumba analumikiza, n'kukweza nyimbo mpaka malata kunjenjemera. Othyola tiyi kumunda anacheuka. Koma a Namakhwa, omwe anagwira ntchito zaka makumi atatu pakati pa makina aphokoso m'fakitale ya tiyi, anangopukusa mutu.

Akazi awo anaima kumanzere kwawo. "Abambo, masipika onse akulira. Tiyeni kuchipatala akakuoneni khutu."

A Namakhwa anapitiriza kugwedeza pulagi. Kenako anatembenuka.

"Amayi, mwangoti chete bwanji? Nenanipo kanthu."