Laputopu Inavomera, Koma Kandege Sikanafike

Panali munthu wina ku Dedza, dzina lake Zikhalo, amene ankagwira ntchito yosamala tindege topanda munthu tija, timene timanyamula magazi ndi mankhwala kupita ku zipatala za m'mapiri. Nkhaniyi anandiuza ndi munthu amene ankagwira naye ntchito. Zikhalo ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Vuto lake linali limodzi: mawu oti "zandikanika" sankatuluka m'kamwa mwake.

Mlongo wake Jesinta anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Anamwino anamulangiza kuti akadikirire ku chipatala cha pa Boma, chifukwa pa mwana woyamba anataya magazi ambiri. Koma Jesinta sankafuna kusiya mwana ndi munda wake wa kachewere, ndiye anafunsa mchimwene wake.

"Khala konko kumudzi," anatero Zikhalo. "Magazi akafunika, kandege kanga kafika madzi a tiyi asanawire."

Sabata yomweyo kunabwera lamulo loti alowetse pulogalamu yatsopano m'chipangizo chimene chimauza kandege kuti kali pamwamba bwanji. Kuno kumapiri, nkhungu ikatseka, chipangizo chimenechi ndiye maso a kandege. Pulogalamuyo imachoka pa laputopu kudzera m'kachingwe kapadera. Tsono kachingwe ka kuntchito kanali kataduka mkati, ndipo katsopano kanali kasanafike kuchokera ku Lilongwe. Zikhalo anathamangira kumsika n'kugula kofanana nako.

Laputopu inakakana. Panangotuluka kachizindikiro kachikasu, kusonyeza kuti dalaivala sakugwira. Si dalaivala wa minibasi ayi, ndi kapulogalamu kamene kamamasulira nkhani pakati pa laputopu ndi chingwe. Zikhalo anazula chingwe n'kusomeka pa bowo lina. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Anachotsa dalaivala n'kuikanso. Kachikasu kaja kali pomwepo.

Anaimbira a Dorika, akuluakulu ake pa ntchito, amene anali ku Lilongwe.

"Ngati ikukana, ili ndi chifukwa," anatero a Dorika. "Zingwe zambiri za pamsika n'zokongola kunja kokha. Chathu chifika mkuja. Tiuze zipatala kuti kandege kayamba kapuma, akonzekere njira zina."

Kuuza anthu kuti kandege kapuma chifukwa iye walephera? Zikhalo zinamuwawa. Analemba vuto lakelo pa gulu lina la pa foni, ndipo munthu wina wosamudziwa anayankha msangamsanga: "Biggie, musavutike. Ikani dalaivala wakale uyu, amavomera chingwe chilichonse."

Anaika. Kachikasu kanachoka, pulogalamu inayenda mpaka kumapeto, laputopu inalemba kuti zatheka. Koma kuvomera n'kosavuta, abale. Tonsefe timavomera "Amen" kutchalitchi, ena ulaliki tisanaumve n'komwe.

Lamulo limati ukamaliza, uwerengenso zimene chipangizo chalandira, ndipo uyese ngati chikuyeza bwino. Zikhalo sanatero. Ine ndimaganiza kuti mumtima ankaopa yankho lake.

"Mwachiyesa?" anafunsa a Dorika.

"Eee, zonse zili bwino."

M'mawa mwake kunagwa chimvula, nkhungu n'kutseka mapiri. Foni inalira. Anali namwino wa kachipatala ka kwawo.

"A Zikhalo, tumizani magazi msanga. Ndi a Jesinta. Mwana wabadwa, koma magazi sakusiya."

Zikhalo anapakira magazi n'kuulutsa kandege. Patapita mphindi zochepa, kadontho kosonyeza pamene kandege kali kanazimirira pa laputopu. Pulogalamu ija inali italowa yoperewera. Kandege kankadziona ngati kali pamwamba pomwe kanali pansi, ndipo kanakawomba phiri. Alimi anakatola masana m'munda wa nandolo, magazi atatayikira m'dothi.

Namwino anaimbanso. "Kali kuti?"

"Kali m'njira, ndi netiweki chabe," anatero Zikhalo. Apa ndiye pamandipweteka kwambiri pa nkhani yonseyi. Namwino anaimba kachitatu, yankho lomwelo. Kachinayi m'pamene Zikhalo anauza namwinoyo kuti, "Asisita, zandikanika. Munyamuleni."

Mtsinje unali utasefukira pa mlatho, ambulansi inaima tsidya lina. Amuna a m'mudzi anamunyamula Jesinta pa machira n'kukawolokera kumtunda. Pa Boma anamupulumutsa, koma madokotala anachita kuchotsa chiberekero. Sadzaberekanso.

Zikhalo anaulula zonse kwa a Dorika, ndipo ntchito yake inathera pomwepo. Kenako anapita kuchipatala. Anaima pafupi ndi bedi la mlongo wake. Jesinta sanakalipe. Anangoyankhula motsitsa, mwana ali pachifuwa.

"Achimwene, asisita ankati tinyamuke msanga. Ndinakana ndine. Ndinati achimwene anga sanama, tidikire. Ola lathunthu anthu anaima pa mvula, akuyang'ana kumwamba."

Phunziro: Makina akakana, funsa chifukwa chake m'malo mowakakamiza ndi nzeru za munthu amene sukumudziwa. Ukamaliza ntchito, iyese, usangokhulupirira kuti yavomera. Ndipo ngati zakukanika, nena msanga, chifukwa kwinakwake kuli munthu amene wasiya njira ina podalira mawu ako. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu onse amene ntchito yawo imanyamula miyoyo ya anthu.