Timiyala toyera m'ndowe za kamba wa mayi Tomie

Panali munthu wina mumzinda wa Matsue, dzina lake Shigeharu, woyendetsa basi. Odziwa nkhaniyi akuti ndi yoona.

Mayi ake, a Tomie, ankaweta kamba dzina lake Kombu. Adakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kuyambira amuna awo ali moyo. Tsiku lina mayiwo adaterereka m'bafa nathyoka fupa la m'chiuno, ndipo adawagoneka m'chipatala miyezi iwiri.

"Shigeharu, tamvera," adatero ali pabedi. "M'mawa uliwonse uzimuika Kombu m'beseni la madzi ofunda. Akadzithandiza, uzitenga timitengo todyera takale tili pawindo, n'kufukula ndowezo kuti uone zili m'kati. Kamba salira, sadandaula. Zake zonse amanenera pamenepo. Ndipo usamutulutse kubwalo kuli timiyala toyera kuja."

"Amayi, munthu wa zaka makumi asanu ngati ine ndizifukula ndowe za kamba?"

"Matewera ako ndidasanthula zaka zitatu, udamva ndikudandaula?"

Namwino amene ankakonza bedi lina adaseka mpaka kugwira pakamwa.

Sabata yoyamba Shigeharu adatsata zonse. Kenako nyengo yozizira idatha, kunja kudayamba kufunda, ndipo Kombu ankangokanda khoma la bokosi lake, kwe, kwe, kwe. Shigeharu zidamumvetsa chisoni. Adamutulutsa.

Masana amenewo adali okoma ngati maloto. Kambayo ankayenda pa timiyala toyera ngati akuwoloka mitambo, maluwa akuyoyokera pa chigoba chake. Shigeharu adakhala pakhonde akumuyang'ana mpaka tulo tidamuba. Mawa lake adachitanso chimodzimodzi, mkuja wakenso.

"Ali m'bokosi mwake?" mayi ake ankafunsa pafoni.

"Ali momwemo, amayi."

Patatha masabata awiri, m'mawa wina adamva kanthu kakulira pansi pa beseni, nge! Adatenga timitengo tija. Pakati pa ulusi wa masamba osagayika bwino panali kamwala koyera, kofanana ndi nyemba.

Nthawi yomweyo mayi Uehara, oyandikana nawo nyumba, anali pageti. Mayi amenewa tsiku lililonse ankapachika pagetipo kamtolo ka masamba a mpiru ka Kombu, osagogoda, osadikira zikomo. Shigeharu adawaonetsa kamwalako.

"Mwanawe, pita naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe," adatero. "Kamodzi kakatuluka, dziwa kuti anzake atsalira m'kati."

Koma dokotalayo ankadziwana ndi mayi Tomie, ndipo bodza likadaululika. Choncho Shigeharu adajambula kamwalako n'kutumiza pa gulu la oweta akamba la pa intaneti. Anthu asanu ndi mmodzi adati athamangire kwa dokotala. Mmodzi, wopanda dzina ngakhale chithunzi, adalemba kuti: "Musadzivute achimwene. Akamba onse amadya miyala, imatuluka yokha."

Shigeharu adasankha yankho limenelo, chifukwa ndi limene mtima wake unkafuna. Kubwalo adasiya kumutulutsa Kombu, n'kumadikira.

Ndowe zidayamba kuchepa. Kenako zidasiyiratu. Madzi a m'beseni ankazizira ali oyera mbee, Kombu ali phee m'katimo, maso otseka pang'ono ngati akumvera nyimbo yakutali. Masamba a mayi Uehara ankafota osalumidwa.

Mayiwo ataona masamba ofotawo sadakalipe. Adangobwera ndi thaulo lofunda, adamukulunga kambayo, n'kuliza galimoto lawo.

"Kwera. Za kuntchito uimba tili m'njira."

Dokotala adamujambula Kombu m'mimba, n'kuika chithunzicho pa nyale. Chinkaoneka ngati thambo lodzaza nyenyezi. Shigeharu adachiyang'ana nthawi yaitali, kuiwala kuti nyenyezi iliyonse inali mwala.

"Woyamba mudauona liti, bambo?"

"Masabata atatu apitawo."

Dokotala adavula magalasi. "Nthawi imeneyo madzi ofunda ndi mankhwala mwina zikadakwanira. Tsopano matumbo atsekeka. Tiyesa opaleshoni."

Adayesadi. Kombu sadadzuke.

Tsiku lomwelo Shigeharu adapita kuchipatala. Adapeza mayi ake akuphunzira kuyenda, atagwira chitsulo cha m'mbali mwa khoma.

"Taona, mapazi khumi ndi awiri lero!" adatero akumwetulira. "Ndikatuluka ine ndi Kombu tidzapikisana. Ukuganiza adzapambana ndani?"

Shigeharu adawathandiza kukhala pabedi. Kenako adagwada pansi n'kunena zonse: za kubwalo, za bodza la pafoni, za kamwala, za munthu wopanda dzina uja. Sadasiyeko kanthu.

Mayi Tomie adayang'ana pawindo. Misozi idatsika yokha, iwo osaipukuta. Patapita nthawi adafunsa motsitsa mawu:

"Kubwaloko ankasangalala?"

"Eya, amayi. Kwambiri."

"Ine chiyambireni kuopa timiyala tija, patha zaka khumi ndisadamuone akuyenda padzuwa. Dzuka apo, ukhale pampandopa. Undifotokozere mmene ankayendera. Usafulumire."

Shigeharu adafotokoza. Nthawi yoona odwala idatha. Namwino adasuzumira pakhomo, adamvetsera pang'ono, n'kutseka chitseko mwakachetechete.

Phunziro: Chiweto chosayankhula chimanena matenda ake m'ndowe zake. Mukaonamo mwala, tsitsi, pulasitiki kapena china chilichonse chimene simudachidyetse, pitani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Musamvere mlendo chifukwa choti wanena zokomera khutu lanu, ndipo musabise cholakwa pamene chikadali chaching'ono ngati nyemba. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tumizirani uthengawu aliyense amene adasungitsidwa chinthu chokondedwa cha mnzake.