Mimba ya Alamu

"Apa muchepetseko pang'ono," anatero bamboyo, akuloza mimba yake pa chithunzi cha banja.

Mkazi wake, yemwe ndi telala, ankasokerera chithunzicho pansalu ndi chingwe chokhuthala kuti mng'ono wake wosaona azichipapasa ndi zala. Pamaso ankaikapo mabatani.

"Ndichepetse chifukwa chiyani? Kamera inanama?"

"Mayi mwana, mlamu wangayu sanandionepo chibadwire. Mwayi wanga wokhala mnyamata ndi womwewu."

Mkaziyo anaseka n'kuwongola chingwecho momwe mwamuna wake ankafunira.

Loweruka mlamu uja anabwera, anayala nsaluyo pamiyendo n'kuyamba kupapasa. Mkulu wake anamuzindikira ndi duku, ana anawadziwa ndi makutu awo otambalala, galu ndi mchira wake wopindika. Zala zitafika pa munthu wamtali wakumapeto zinaima. Anapapasanso bwinobwino, kenako anatsitsa mawu.

"Achemwali, bambo owonda awa, alamu akuwadziwa?"

"Ndine amene, mlamu," anayankha bamboyo, akukokera mimba m'kati.

"Inu? Mukandikweza pa njinga yamoto, ndikakugwirani m'chiuno manja anga sakumana. Awa ndi alendo, achotseni m'banja mwathu."

Bamboyo ananyamuka, analowa kuchipinda n'kutulukako ndi thonje lodzaza dzanja, losolola m'pilo. Mkazi wake analisokerera pamimba paja, misozi ya phwete ili mbwee.

Mlamuyo anadinikiza ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Ayamba kufanana nanu. Pilo winayo ali kuti?"