Mapasa a Nasibeko Alowa M'kaundula

Kwa Kanyumbu mwana sankalandira katemera chithunzi chake chisanalowe m'kaundula wa mudzi. Nasibeko, amene anali atangobereka mapasa aakazi, Ulemu ndi Chifuniro, anawagoneka pa chitenje pakhonde, mwamuna wake Chikadza n'kuwajambula pa foni.

Chithunzi cha Ulemu chinalowa bwinobwino. Atatumiza cha Chifuniro, foni inayankha kuti, "Mwanayu alimo kale."

"Titani nanga, mayi a ana? Akuti ndi munthu mmodzi," anatero Chikadza. Anayesa kumuveka Chifuniro chipewa, kenako kumutembenuzira kudzuwa, koma makinawo anakanabe. Chonsecho anesi ankabwera mawa lake.

Nasibeko anangoseka, poti ana akewo ankawadziwa. Ananyamula Ulemu n'kuyamba kumuyamwitsa, mnzakeyo n'kumusiya pomwepo. Chifuniro anakwinya nkhope, nayasamula kukamwa konse, kulira kwake kukamveka mpaka kumjigo.

"Jambulani tsopano, bambo!"

Foni inayankha kuti, "Talandira."

"Komatu chithunzichi adzakhala nacho moyo wake wonse," anadandaula Chikadza, "ngakhale pokalembetsa ukwati."

"Palibe vuto," anatero Nasibeko, akumuika mwanayo kubere linalo. "Womufunsira adziwiretu."