Dzanja la a Lameki

Dzanja lamanja la a Lameki linkakana kukhala pansi. Linkakwera, n'kupalasa m'malere, n'kugwera pabulangete, kenako n'kuyambiranso. Matenda ofa ziwalo anali atawatseka pakamwa n'kuwaumitsa mbali yonse yakumanzere. Pabedi lonselo, m'kachipatala ka kumapiri a Neno, chomwe chinkayenda ndi dzanja lokhalo.

Callista, mwana wawo wamkazi, ankati akalibweza pansi, ilo n'kudzukanso. Ankakhala pabenchi, n'kunyamuka, n'kukhalanso. Anakaitana namwino, koma namwinoyo anangoti zimachitika.

Kenako Callista anawomba m'manja. Tenisi! Bambo ake ali kalaliki ku Blantyre, iye asanabadwe, ankati akaweruka Loweruka n'kuthamangira kubwalo la tenisi atavala nsapato zobwereka. Sankalipidwa, kunali kukonda chabe. Anagonjetsapo mabwana awo omwe, mpaka kubwera ndi chikho. Atabwerera kumudzi kudzalima kachewere, masewerowo anangotsalira pakamwa. Ndiye lero thupi lakumbuka, eti?

Anaimbira foni a Idrisa, ogulitsa m'golosale pamsika, amene ankasewera limodzi ndi bambo ake masiku amenewo.

"Bwerani ndi laketi yanu ija, chonde. Mnzanu akufuna kumenya mpira."

Kudikira kunamutalikira. Anatuluka pakhonde, n'kubwerera, n'kutulukanso. Njinga yamoto iliyonse ikalira kumsewu, mtima unkangoti ndi iwowo.

A Idrisa anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu mpaka m'ndevu, laketi ili kukhwapa. Callista anailanda asanawapatse n'komwe moni, n'kuifumbatitsa m'dzanja la wodwalayo.

"Bambo, nayi. Menyani, mtima ukhale m'malo."

A Lameki anaitaya pansi. Dzanja linakweranso, mwamphamvu kuposa kale, misozi ikutsikira m'makutu.

"Kodi ndawagwiritsa molakwika?" anafunsa Callista.

A Idrisa anaima kumiyendo kwa bedi, maso ali padzanjapo, likukwera ndi kutsika.

"Mwanawe, bambo akowa ndasewera nawo mpaka nsapato kutha. Anali amanzere. Dzanja ili silinagwirepo laketi. Apa akukodola munthu."

Callista anatembenukira kumene zala zinkaloza. Kunja kwa windo, patsinde pa mtengo wa mango, panali pataima Laimoni, mlongo wake amene bambo anamuthamangitsa pakhomo kalekale. Chipewa chinali m'manja, akuopa kulowa.